Maliro a Eni Ake ku Roma

Ndiyambe ndatchula mboni, ana inu, chifukwa ndamva kuti m'nyumba muno mukuyenda mphekesera yoti agogo anu aamuna amathira nsinjiro zambiri pa nkhani. Mboni yoyamba ndi agogo anu aakazi, a Nambewe, amene analipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndi iwo amene anayambitsa zonse. Mukawafunsa adzakuuzani kuti ndanama malo awiri kapena atatu. Musawatsutse, koma dziwani kuti pa malo amenewo iwo ankayang'ana kumbali. Mboni yachiwiri ndi a Zulu a ku Falls Church, a ku Zambia aja timapemphera nawo. Iwo sanapite nafe, koma ndawafotokozera nkhaniyi kasanu ndipo nthawi zonse yakhala ikutuluka chimodzimodzi. Yachitatu ndi bondo langa lakumanzere. Yachinayi inali Mtaliyana wina, kungoti ameneyo tinakumana naye atagona kale m'bokosi.

Komanso muzikumbukira kuti ine ndinagwira ntchito pa sikelo zaka makumi atatu ndi ziwiri, kugula mtedza ndi chimanga kwa alimi ku Dedza ndi ku Ntcheu. Munthu wa pa sikelo sakokomeza. Akalakwitsa, amalakwitsira kochepetsa.

Nkhaniyi inayamba ine ndisanawadziwe n'komwe agogo anu. Ali mtsikana ku sukulu ya mishoni, m'chipinda chimene masisitere ankaphunzitsiramo kusoka munali kalendala yakale kwambiri, yoti masiku ake anatha ntchito kalekale koma palibe anaichotsa chifukwa cha chithunzi. Chithunzicho chinali cha denga la katchalitchi kena ka Papa ku Roma, denga lojambulidwa lonse, anthu kudzaza kumwamba ngati pa msika wa ku Lizulu. Anthu ambiri a padengapo sanavale, choncho masisitere anamata timapepala m'malo ena. Agogo anu ankasoka atayang'ana pamenepo, ndipo mpaka lero mipendero yawo imakhota pang'ono. Anatsimikiza mumtima kuti asanamwalire adzaliona dengalo ndi maso awo. Ine ndimati ankangofuna kuona zimene zinali kuseri kwa timapepala tija, koma iwo amakana, ndipo apa ndi pamodzi pa malo amene timasiyana.

Pamene ndinkawafunsira anandiuza za denga limeneli, ine n'kulonjeza kuti ndidzawapititsa. Nthawi imeneyo chuma changa chonse chinali njinga yopanda mabuleki ndi jekete limodzi lobwereka. Koma mnyamata akamafunsira amalonjeza ngakhale mvula.

Zaka zinapita. Tinabereka, tinalera, tinaika makolo m'manda, sikelo ija inasinthidwa kawiri, ine n'kupuma ntchito. Kenako mayi anu a Tadala anatiitanitsa kuno ku Manassas, kutsidya kwa nyanja, kuti tidzakulereni inuyo, ntchito imene palibe anandiuza kuti ilibe penshoni. Titakwanitsa zaka makumi asanu m'banja, mayi anuwo anabwera kuchokera kuntchito ndi envulopu yaikulu. Munali ulendo wa masiku asanu ku Roma, chilichonse chitalembedwa: hotela, basi, kodyera, ngakhale kumene kuli zimbudzi. Pansi penipeni panali mapepala awiri olowera kukaona denga lija, tsiku lomaliza, 3 koloko masana. Anatiuza kuti mapepalawo amagulidwa kudakali miyezi, ndipo munthu ukachedwa sakulowetsa ngakhale utalira. Ananena zimenezi katatu m'Chingerezi ndi kamodzi m'Chichewa. Mukudziwa nokha kuti mayi anu akafika pa Chichewa ndiye kuti nkhani yakula.

Inu mukamva zoti ulendo mumangotenga foni ndi chingwe chake. Ife kale ulendo unkayamba dzulo lake ndi kupha nkhuku. Ankaiwotcha mpaka kuuma gwa, n'kuikulunga m'nsalu pamodzi ndi chigumu ndi mbatata, chifukwa lole ikafa pa Linthipe sumadziwa ngati ugona pamenepo usiku umodzi kapena uyamba kulima. Agogo anu sanasinthe. Anakonza kamba wa nkhuku ziwiri, ndipo titafika pakati pa nyanja anamasula. Ndikulumbira, mzungu amene anakhala pafupi nane anabweza chakudya cha m'ndege n'kuyamba kundifunsa za banja langa.

Roma ndi mzinda wa anthu amene sachita manyazi ndi mabwinja. Kwathu nyumba ikagwa, mwini wake amagumula msangamsanga anthu asanayambe kuloza. Kumeneko nyumba ikagwa amaitchingira mpanda, n'kuika munthu pakhomo wolandira ndalama. Tinaona chibwalo chachikulu chobowokabowoka ngati chikuni chodyedwa ndi chiswe. Akuti chakhala choncho kuyambira masiku a atumwi, ndipo palibe amene waganizapo zobwereka makwerero. Tinaona anthu ovala bwino, ooneka ophunzira, akuponya ndalama m'madzi atafulatira. Khofi amamwera m'kapu yonga chotsekera botolo, ali chiimire, ngati akumwa mankhwala a malungo. Njinga zamoto zimatuluka m'makoma ngati mavu. Misewu anayala miyala yakuda imene inaikidwa dala kuti ifufuze ngati munthu ali ndi bondo lovuta, ndipo langa inalipeza tsiku loyamba lomwe. Tsiku lililonse tinkayenda mtunda wochokera pano kukafika ku Springfield ndi kubwerako, ndipo kulikonse kunali kokwera. Sindikudziwa kuti Aroma amatsikira kuti.

Zonsezi agogo anu ankangoziyang'ana mwaulemu, monga mmene munthu amapatsira moni achibale a mkwati pomwe iye wabwerera mkwatiyo. Madzulo aliwonse ankatulutsa mapepala awiri aja, kuwawongola pa bedi, n'kuwabwezera m'chikwama.

Tsiku lomaliza tinatuluka mu hotela 9 koloko m'mawa. Musaseke. Ife tinakula ndi basi imodzi patsiku, ndipo munthu wotero safika pa nthawi yake, amafika dzuwa lisanatenthe n'kukhala pansi. Tinkayenda pang'onopang'ono m'tinjira topapatiza, ndipo cha m'ma 11 koloko bondo lija linati basi. Pafupi panali katchalitchi kakang'ono kotsekula. Ku Roma matchalitchi ndi ochuluka kuposa mipando ya m'misewu, choncho munthu akatopa amangoyamba kupemphera. Tinalowa n'kukhala kumbuyo kwenikweni.

Munali mdima ndi kafungo ka makandulo. Alendo anzathu atatu kapena anayi, a makabudula, ankayenda m'mbali mwa makoma akujambula. Maso atazolowera ndinaona kuti kutsogolo kuli wansembe atavala zofiirira, ndipo patsogolo pake pali bokosi. Pa benchi yoyamba panakhala amayi awiri, wina wokalamba kwambiri, wina wocheperapo. Mabenchi ena onse, mpaka kudzafika pamene tinali ife, anali mbee.

Apa ndiime kaye, chifukwa inu maliro mumawadziwa a kuno, oitanirana pa foni, okhala ndi nthawi yoyambira ndi yothera ndiponso malo oimika galimoto. Kwathu maliro saitanira. Akagwa, anyamata amaika masamba pamsewu, ndipo wa njinga amatsika n'kuikankha, wa chipewa amavula, wa galimoto amayenda ngati wanyamula mazira. Tsiku limenelo khasu siligwidwa m'mudzi monse. Amene munakangana naye za malire a munda ndiye amafika woyamba. Mlendo wongodutsa amapatuka, kukhala pansi pang'ono, kupepesa, ndipo palibe amamufunsa kuti ndiwe yani. Pa maliro a bambo anga kunabwera anthu moti chitsime chinaphwa ndipo chinadzabwerera patapita sabata. Ngakhale wakuba nkhuku wa m'mudzi mwathu, amene aliyense anali naye chifukwa, tinamunyamula molandizana mpaka kumanda, tikuimba bwinobwino. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo bokosi lokhala ndi anthu awiri.

Ndinamva zipi ya chikwama ikutsekuka. Agogo anu anatulutsa chitenje n'kuchimanga pamwamba pa diresi, kenako mpango kumutu. Ana inu, chitenje chikatuluka m'chikwama cha agogo anu, zokambirana zatha.

Ndinayesabe. "A Nambewe, si athu awa."

"Nanga ndi a yani? Mukuona wina?"

Ananyamuka n'kukakhala kumbuyo kwa amayi awiri aja. Ine ndi bondo tinatsatira.

Misa inali m'Chitaliyana, koma Misa ndi imodzi, tinkadziwa poima ndi pogwada. Chimene chinavuta n'chakuti panalibe woimba. Wansembe ankayankhula, mawu n'kukagunda khoma n'kubwerera kwa iye yemwe. Titalandira ukalistia kunangoti zii, ndipo m'kachetechete ameneyo agogo anu anayamba nyimbo ya maliro ya kwathu, motsitsa, ngati akuiyesa kaye. Mkazi akamaimba yekha pa maliro mwamuna wake alipo, manyazi amakhala a mwamunayo, choncho ndinalowetsa besi. Sindikudzitama, koma fumbi limene linakhala pa zipilala zimenezo kuyambira nthawi ya mafumu awo linatsika tsiku limenelo. Wansembe anadikira mpaka tinamaliza ndime zonse zinayi. A makabudula aja anatsitsa mafoni, kupatula mmodzi amene anayamba kujambula ifeyo, poganiza kuti ndife mbali ya zoonetsa za mzindawo.

Potuluka kunabwera amuna anayi a masuti akuda, olembedwa ntchito yonyamula maliro. Ndinapita kuti ndilandire mbali imodzi monga mwa mwambo, koma anandikaniza mwaulemu kwambiri, ngati ndikufuna kuwalanda ganyu. Ndinangoika dzanja pa bokosilo mpaka pa galimoto.

Panja m'pamene tinadziwa amene tinkamulira. Mayi wocheperapo uja anali Lusi, wa ku Philippines, amene ankalipidwa kuti azisamalira malemuwo, ndipo ankamva Chingerezi. Anati womwalirayo anali Bambo Enzo, wosoka nsapato, amene anakalamba kwambiri osakwatira. Mayi wokalamba kwambiri uja anali mlongo wake, Mayi Asunta, ndipo awiriwo ankakhala nyumba imodzi. Anzawo a malemu ena anamwalira, ena analipo koma sakanatha kutsika masitepe a nyumba zawo. Mwana wa m'bale wawo anali kudziko lina ndipo anatumiza maluwa. Mayi Asunta anafunsa kudzera mwa Lusi ngati mlongo wawo anatisokerapo nsapato. Agogo anu anati awauze kuti ayi, tangobwera kudzamuperekeza.

Inali 12 koloko. Ndinawerengera n'kupeza kuti tili ndi maola atatu, okwanira kupepesa, kudya, n'kukaima pa mzere ngati anthu. Ndinagwira gogoyo chanza n'kunena kuti pepani. Koma potembenuka ndinapeza kuti wagwira dzanja la agogo anu, ndipo chitseko cha galimoto yachiwiri chili chotsekula. Agogo anu anangondiuza kuti kuperekeza munthu sikuthera pa tchalitchi. Lusi anati manda ali kunja kwa mzinda, ulendo wosakwana ola. Ndinawerengeranso. Zinkatheka, koma sikelo inali itayamba kupendekeka.

Manda a kumeneko, ana inu, ndi makoma ataliatali okhala ndi timakomo, ngati mabokosi a makalata a ku positi ofesi. Munthu samukumbira. Amamukweza ndi makina n'kumulowetsa m'khoma, wina pamwamba, wina pansi, ndipo Bambo Enzo anapeza malo pa mzere wachitatu. Kenako kunabwera mmisiri ndi simenti m'ndowa n'kumata pakhomopo, akuyang'ana wotchi ngati ine ndemwe. Agogo anu anafunafuna dothi loti aponye, koma pansi ponse panali simenti. Anatapa pang'ono mu mphika wa maluwa wa munthu wina wa pa mzere woyamba, n'kundipatsa kuti ndiike pamphepete pa kakhomoko popeza ndine wamtali. Kwathu anthu sabalalika pamanda popanda mawu, ndipo mwamuna ndinalipo ndekha. Ndinavula chipewa n'kuyankhula m'Chichewa, m'malo mwa akubanja ndi m'malo mwa anthu onse a ku Dedza, amene anali asanadziwitsidwe. Ndinathokoza onse amene anabwera, ndipo sizinatenge nthawi. Tinasamba m'manja pa mpope wothirira maluwa.

Pa geti panali takisi imodzi, ndipo nthawi inali isanakwane 2 koloko. Ndinatsekula chitseko ndi mtima wa munthu amene wapulumuka. Pamenepo Lusi anayamba kutsanzika. Anati ali ndi nkhalamba ina imene ikumudikira kuti aidyetse, ndipo wachedwa kale. Anati Mayi Asunta akwera basi, amaidziwa.

Agogo anu anafunsa kuti kunyumbako kuli yani. Lusi anati kulibe.

Agogo anu anaima pamenepo, dzanja lili pa chikwama, pamene panali mapepala aja. Sindinawakankhire uku kapena uko. Ndinangonena zimene munthu wa pa sikelo ayenera kunena.

"Tikakwera iyi panopa, tifika. Tikapatuka, sitifika."

"Ndamva," anatero. Anayang'ana gogo uja, amene anali atayamba kale kuyenda yekha kulowera kokwerera basi, kachikwama kali m'khwapa. "Aitaneni. Munthu sachoka kumanda n'kukatsekula yekha chitseko."

Nyumba yake inali mbali ina ya mzinda, pa nsanjika yachinayi, ndipo bondo langa likukumbukira sitepe iliyonse ndi dzina lake. Munali tizipinda tiwiri. Pakhomo panali nsapato za malemu zitandandalikidwa, zonse zopolishidwa. Mayi Asunta anatikokera mipando, koma agogo anu anausuntha wawo n'kukhala pansi, kutambasula miyendo, kutsamira khoma, monga amakhalira amayi pa siwa. Gogoyo anawayang'ana kwa kanthawi. Kenako anatenga pilo, anagwira tebulo, n'kuyamba kutsika. Ulendo wochoka pamene anaima kukafika pansi unamutengera nthawi yofanana ndi ya ku manda ija, koma anafika, n'kukhala phewa ndi phewa ndi agogo anu.

Panalibe womasulira. Iye ankayankhula Chitaliyana, agogo anu n'kumavomera m'Chichewa, ndipo sindinaone pamene anasemphana. Anatulutsa zithunzi za mlongo wake ali mnyamata, ali pa njinga, ali pa benchi yake yosokera. Analira, agogo anu n'kumuthandiza. Ine anandituma kukatereka khofi m'kachitsulo kena kamene kanandilavulira kawiri.

Mabelu a mzinda wonse anaimba 3 koloko. Ku Roma sungathe kunamizira kuti sunamve, chifukwa belu lina likamaliza lina limayamba, kuopa kuti mwina unali kubafa. Agogo anu anayang'ana pawindo mpaka lomaliza linasiya, kenako anapempha chithunzi chotsatira.

Tinakhala mpaka mayi wa nyumba yoyandikana atabwera kuchokera kuntchito. Agogo anu anamugwira dzanja pa masitepe, kumulowetsa, n'kumukhazika pamene anakhala iwo. Mayiyo sanamvetse chimene chikuchitika, koma anakhala. Potsanzikana Mayi Asunta anasonyeza ndi manja kuti akufuna mayina athu. Pepala limene linali pafupi linali limodzi mwa awiri aja, ndipo agogo anu analemba kuseri kwake.

Madzulo amenewo mayi anu anaimba foni kufunsa za denga. Ndinawapatsira agogo anu, chifukwa m'banja aliyense amasenza katundu wake. Mbali inayo kunabwera Chingerezi chambiri. Pomaliza mayi anu anangofunsa ngati tinadya. Analonjeza kuti adzatitumizanso, koma mukudziwa kuti chaka chotsatira dokotala anawaletsa agogo anu maulendo ataliatali a pa ndege chifukwa cha mtima. A Zulu nditawafotokozera anapukusa mutu n'kunena kuti ise anthu tingayende mpaka ku mwezi, tizapeza maliro na kunkhala pansi.

Musaganize kuti agogo anu ananena kuti zilibe kanthu. Zinali ndi kanthu. M'mawa mwake m'ndege sanadye, ndipo pepala lotsala lija analigwira m'manja mpaka mtunda unatha pansi pathu n'kuyamba madzi okhaokha. Ine ndinkaganiza kuti akulira denga lawo, ndipo ndinayamba kukonza mawu owapepesa. Kenako anatembenuka.

"Anthu awiri, a Phiri. Munthu wa zaka zonse zija, kusokera mzinda wonse nsapato, anthu awiri."

"Anayi," ndinatero. "Mwaiwala ife."